Chilembo cha chi-Cree chikuoneka pa sikirini, koma kompyuta ikuti palibe

Nachisale (Saskatoon)

Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa inu odziwa makompyuta. Kuno ndili pa kaganyu kothandiza kukonza mndandanda wa mawu a chi-Cree, chiyankhulo cha a Cree omwe ndi ena mwa eni nthaka kuno ku Canada, amene anthu osiyanasiyana analemba zaka zapitazo. Mawuwo analembedwa m'zilembo zawo za maphatikizo, zotere: ᓀᐦᐃᔭᐍᐏᐣ. Limeneli ndi dzina la chiyankhulocho, m'zilembo zathuzi amalemba nêhiyawêwin. Ndikasakasaka mawu amenewa m'failo, kompyuta ikupeza ena n'kusiya ena, chonsecho ndi maso anga ndikuwaona onse ali pomwepo, ofanana ndendende. Amene amayang'anira ntchitoyi, omwe ndi eni chiyankhulo, akuti vutoli lakhala likuwavutitsa kwa nthawi yaitali. Chikuchitika n'chiyani?

Kondwani

Achemwali, koperani mawu awiri, amodzi amene akupezeka ndi ena amene akukana, muwaike pano osasintha kanthu.

Nachisale (Saskatoon)

Opezeka: ᓀᐦᐃᔭᐍᐏᐣ
Okana: ᓀᐦᐃᔭᐁᐧᐃᐧᐣ

Mavuto

Ine kwanga ndikungoona timabokosi topanda kanthu mkati. Mukukamba za chiyani abale?

Kondwani

A Mavuto dikirani pang'ono, lanulo ndi vuto lina, tifikako.

Achemwali a Nachisale, ndayang'ana. Mawu oyambawo ali ndi zilembo 7, achiwiriwo 9. Kompyuta sisunga chithunzi cha chilembo, imasunga nambala imene chilembocho chinapatsidwa mu Unicode, mndandanda wa dziko lonse wopatsa chilembo chilichonse nambala yake. Pa mawu oyamba, phatikizo la wê ndi chilembo chimodzi, ᐍ, nambala yake U+140D, dzina lake mu Unicode CANADIAN SYLLABICS WEST-CREE WE. Pa achiwiri, wolembayo anaika zilembo ziwiri: ᐁ, yomwe ndi U+1401, kenako kadontho koima pakokha, ᐧ, komwe ndi U+1427. Anachitanso chimodzimodzi pa wi: m'malo mwa ᐏ, U+140F, anaika ᐃ ndi kadontho komweko. Ali ngati mapasa, nkhope imodzi koma aliyense ndi chiphaso chake, ndipo kompyuta imafunsa chiphaso basi.

Mukhoza kutsimikiza nokha. Mu Microsoft Word ikani kasala kumanja kwa chilembocho, dinani Alt ndi X pamodzi, chisanduka nambala yake. Mu Excel LEN ikuwerengerani zilembo, muona 7 ndi 9.

A Gondwe

Ine ndinaphunzitsa Chichewa mpaka kupuma, za makina sindilowererapo, koma zilembozi zandikoka mtima. Mwanawe Nachisale, tafotokoza kaye mmene zimawerengedwera. Katatuyu ndikumuona pena waloza m'mwamba, pena pansi.

Nachisale (Saskatoon)

Bambo, mwagwira pomwe pali nkhani. Maonekedwe a chilembo amanena lembo lopanda liwu, kumene chaloza kumanena lembo la liwu. Onani banja la p: ᐯ ndi pê, ᐱ ndi pi, ᐳ ndi po, ᐸ ndi pa. Chinthu chimodzi chongotembenuzidwa kanayi. Malembo a liwu paokha ndi akatatu aja: ᐁ ᐃ ᐅ ᐊ, kutanthauza ê, i, o, a. Liwu likakhala lalitali amaika kadontho pamwamba, ᐊ kukhala ᐋ. Phatikizo likathera pa lembo lopanda liwu, pali tizilembo tating'ono tokwezeka m'mwamba, monga ᐣ kumapeto kwa mawu aja, komwe ndi n, ndi ᐦ komwe ndi h. Kadontho ka pambali kamalowetsa w pakati. Moni wawo, tânisi, ndi zilembo zitatu zokha: ᑖᓂᓯ.

A Gondwe

Ndiye kuti mwana amene wagwira pa, pe, pi, po, pu wa kwathu kuno sangavutike nazo nzeru zake. Anaziyambitsa ndani?

Jere (Winnipeg)

Nkhani imeneyo ili pawiri, bambo, ndipo kuno ndi bwino kuinena mbali zonse. Mabuku ambiri amatchula James Evans, mmishonale wa mpingo wa Methodist amene anali ku Norway House, kumpoto kwa Nyanja ya Winnipeg m'chigawo chino cha Manitoba, cha m'ma 1840. Iyeyo anasindikiza timabuku ta nyimbo za tchalitchi m'zilembozi. Koma a Cree ali ndi mbiri yawo ya pakamwa yonena kuti zilembozi zinaperekedwa kwa munthu wa mtundu wawo, Mistanâkôwêw, amene m'Chingerezi amamutcha Calling Badger, ndipo akuluakulu ambiri amaima pa mbiri imeneyo. Chosatsutsika n'chakuti zinafalikira mwachangu kwambiri, anthu akuphunzitsana okhaokha popanda sukulu. Kenako zinasinthidwa kuti zilembe ziyankhulo zina za eni nthaka: Inuktitut, Ojibwe, Naskapi, Blackfoot, ndiponso Dakelh kumadzulo, kumene wansembe Adrien-Gabriel Morice anakonza zake mu 1885.

N'chifukwa chake chigawo cha Unicode chili ndi dzina loti Unified Canadian Aboriginal Syllabics. Ziyankhulo zonsezo anaziika m'khola limodzi.

Kondwani

Eya. Chigawocho chimayambira U+1400 kukathera U+167F, malo 640, ndipo chinalowa mu Unicode 3.0 mu 1999. Malowo atachepa anatsegula china, U+18B0 mpaka U+18FF, mu Unicode 5.2 ya 2009. Chachitatu, choyambira U+11AB0, chinabwera mu Unicode 14.0 ya 2021, makamaka chifukwa cha anthu oyankhula Nattilik ku Nunavut, kumpoto kwa Canada, amene mawu ena a m'kayankhulidwe kawo analibe zilembo pa kompyuta.

Komanso a Gondwe, kutembenuza kuja kompyuta sikudziwa. Kwa iyo ᐯ ndi U+142F, ᐱ ndi U+1431, ᐳ ndi U+1433, ᐸ ndi U+1438. Manambala anayi osiyana, palibe pamene inalembedwa kuti ndi pachibale.

Tiyamike

Koma a Kondwani ine pamenepa sindikugwirizana ndi mmene anapangira. Zilembo mazanamazana za chiyani? Bwanji osangopatsa nambala chilembo chachikulu, kadontho nambala yakenso, munthu n'kumaphatikiza yekha? Ŵ wathu wa mu Malaŵi amatheka njira ziwiri: U+0175 yekha, kapena w wamba kuonjezera kachipewa U+0302. Ndipo pulogalamu ikapanga normalization, kutanthauza kufananitsa kalembedwe ka zilembo zofanana, ziwirizo zimasanduka chimodzi. Bwanji a Nachisale osangopanga zomwezo, vuto n'kutha?

Kondwani

Pa ŵ mwalondola. Mu Unicode munalembedwa kuti U+0175 ndi wofanana ndi w kuphatikiza U+0302, ndiye njira ya normalization yotchedwa NFC imawalumikiza, ya NFD imawamasula. Koma zilembo za maphatikizozi sizinapatsidwe ubale umenewo. U+140D ilibe decomposition, kutanthauza zidutswa zimene Unicode inalemba kuti ingamasulidwe kukhala izo. Mungathamangitse NFC kapena inzake NFKC kangati, ᐁ ndi ᐧ zikhalabe ziwiri, ᐍ ikhalabe imodzi. Chimodzimodzinso kadontho ka pamwamba: ᐋ ndi U+140B, ndipo wina akatenga ᐊ n'kuikapo U+0307, wapanga chinthu chooneka ngati chomwecho koma chosapezeka posaka. Ndipo zimenezi sizidzasintha, chifukwa Unicode inalonjeza kuti chilembo chikangolowa, decomposition yake siidzasinthidwanso. Akanati asinthe, mafailo a dziko lonse amene anakonzedwa kale bwenzi atasokonekera.

Tiyamike

Ndiye mukuvomereza kuti analakwitsa poyamba.

Jere (Winnipeg)

Ayi achemwali, pa kadontho ka w ine ndikuona kuti anaganiza bwino, ndipo ndikupatsani chifukwa chake. Kalembedwe ka chi-Cree kali pawiri. Kumadzulo, kuno ku Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta, kadontho kamabwera pambuyo pa chilembo, kumanja. Kum'mawa, cha ku James Bay ku Ontario ndi Quebec, kamatsogola, kumanzere. Tsono taonani zilembo zitatu izi: ᐊᐧᐸ. Wa kumadzulo awerenga wa-pa, poti kadontho ndi ka chilembo choyamba. Wa kum'mawa awerenga a-pwa, poti kwa iye kadontho ndi ka chilembo chotsatira. Munthu amadziwa chifukwa akudziwa kumene kalatayo yachokera. Makina sangadziwe. Koma mukalemba ᐘᐸ, pogwiritsa ntchito U+1418 ya kumadzulo, kapena ᐊᑄ, ndi U+1444 ya kum'mawa, palibenso chokaikitsa. Kadontho kali ndi mwini wake. Pulogalamu yosandutsa maphatikizo kukhala zilembo za Chilatini, kapena yowerengera anthu osaona, imafuna zimenezo.

Ine ndimagwira ntchito yosindikiza, ndipo ndimaonanso mbali ina. Kadontho koima pakokha kamatenga malo ake ngati chilembo chathunthu, ndiye m'mafonti ena kamatalikira, mawu n'kumaoneka ong'ambika pakati. Chilembo chophatikiza kale wojambula fonti anakaika kadonthoko pamalo pake.

Tiyamike

Ya a-pwa ndi wa-pa ndaimva, imeneyo ndi yomveka. Komabe ndikanakonda akanasiya njira yoti makina azizindikira kuti ziwirizo ndi chimodzi.

Kondwani

Sakanatha, pa chifukwa chomwe a Jere anenachi. Kuti NFC ilumikize, iyenera kudziwa kuti kadontho kapite kumanzere kapena kumanja, ndipo yankho limadalira chiyankhulo, osati zilembo. Normalization sifunsa kuti failo yachokera ku Saskatoon kapena ku Chisasibi, kum'mawa ku Quebec.

Mavuto

Abale mwandiiwala. Timabokosi tanga tija?

Kondwani

Pepani achimwene. Kwa inu manambala afika bwinobwino, koma foni yanu ilibe fonti yokhala ndi zithunzi za manambala amenewo, ndiye ikuika kabokosi pamalo pa chilichonse. Mukakopera timabokosito n'kutumiza kwa a Nachisale, iwo aona zilembo zenizeni, palibe chatayika. Pa Windows pamakhala Gadugi ndi Euphemia, pa makina a Apple pali Euphemia UCAS, ndipo Google ili ndi Noto Sans Canadian Aboriginal yomwe ndi yaulere. Mafoni ena otsika mtengo opanga ake amachotsamo mafonti ambiri kuti asunge malo.

Vuto loopsa ndi lina, pamene mabaiti awerengedwa molakwika. Ndifotokoze pang'ono, amene manambala amakutopetsani dumphani. U+140D ndi nambala chabe, 5133 m'kawerengedwe kathu ka tsiku ndi tsiku. Kuti ilembedwe m'failo pafunika njira, ndipo yofala pa intaneti ndi UTF-8. Nambala iliyonse kuyambira U+0800 mpaka U+FFFF imatenga mabaiti atatu. 140D m'mabiti ndi 0001 0100 0000 1101. Mumaidula patatu: 0001, kenako 010000, kenako 001101. Chidutswa choyamba mumachitsogoza ndi 1110, zinazo ndi 10. Zimatuluka 11100001 10010000 10001101, kapena kuti E1 90 8D. Imeneyo ndiye ᐍ ili pa disiki. Ya zilembo ziwiri ija ndi E1 90 81 E1 90 A7, mabaiti 6. Mawu onse opezeka aja ndi mabaiti 21, okana aja 27.

Pulogalamu yakale ikatsegula failo yotere poganiza kuti ndi Windows-1252, imawerenga baiti iliyonse payokha, E1 n'kusanduka á, zinazo zinyalala. Ndi matenda omwe aja amene amasandutsa ŵ kukhala Åµ, amene ambiri tinawaonapo pa masamba a intaneti ndi m'makalata. Mu HTML mukhoza kulemba ᐍ kapena ᐍ ngati mukukaika njira imene failo idutse.

Ndipo amene mukusunga zinthu mu MySQL samalani: imene kale ankaitcha utf8 imalandira mabaiti atatu okha pa chilembo. Zigawo ziwiri zoyamba zilowa, koma za ku U+11AB0 zimafuna mabaiti anayi, ndiye pafunika utf8mb4.

Mavuto

Zikomo, ndayesa pa laputopu ya kuntchito zaoneka. Zokongola bwanji. Koma ndikuzidziwa izi! Si zomwe ana amalembera mayina awo pa Facebook ndi TikTok? ᑕ, ᑎ, ᒪ, ᗩ, zoterozo.

Jere (Winnipeg)

N'zomwezo, achimwene. Timapulogalamu tokongoletsa mayina timatola zilembo m'chigawo chomwechi chifukwa zimafanana ndi za Chilatini. Chimene mwana akuti C ndi ᑕ, ta wa chi-Cree. Chimene akuti N ndi ᑎ, ti. Chimene akuti L ndi ᒪ, ma. ᗩ uja ndi wa Dakelh. Ine zimandipweteka, kunena zoona. Anthu amenewa ana awo ankatengedwa kupita kusukulu zogonera komweko kumene ankalangidwa akayankhula chiyankhulo cha makolo awo, ndipo sukulu zotsiriza za mtundu umenewo zinatsekedwa m'ma 1990 momwemu. Lero akulimbana kuti adzukulu awerengenso zilembozi, oyankhula chi-Cree atsala opitirira pang'ono 80,000 malinga ndi kalembera wa 2021, ndiye munthu akasaka zilembo zake pa intaneti n'kumakumana ndi mayina a anthu ongosewera. Komanso dzina lotero munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yomuwerengera sangalimve, ndipo mnzako akakusaka ndi zilembo wamba sakupeza.

A Gondwe

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kwathu kuno a Nolence Mwangwego anapanga zilembo zawo za maphatikizo, anazionetsa poyera mu 1997. Kodi zimenezo zili ndi manambala ngati awa?

Kondwani

Unicode 16.0 imene inatuluka mu 2024 inalibe zilembo za Mwangwego, bambo. Zilembo zikakhala kuti sizinalowe, anthu amachita ziwiri. Ena amaziika m'chigawo chotchedwa Private Use Area, U+E000 mpaka U+F8FF, chimene Unicode inasiya chopanda mwini, ndiye zimaoneka kwa okhawo amene ali ndi fonti yomweyo. Ena amapanga fonti yojambula zilembo zawo pamalo pa a, b, c. A Cree ndi a Inuit anadutsa m'njira yachiwiriyi 1999 isanafike, aliyense ndi fonti yake ndi kasanjidwe kake. Failo yotere ukaitsegula popanda fontiyo umangoona zilembo za Chilatini zosapanga mawu. A Nachisale, ngati m'ntchito yanuyo muli mafailo akale kwambiri, mukumana nazo. Musawataye, ndipo musataye fonti imene analembera, chifukwa ndi yokhayo imene ingakuuzeni kuti chilembo chiti chinkaimira chiti.

Nachisale (Saskatoon)

Alipo otero, ndawaika padera. Tsopano ndikonze bwanji enawa? Ndingopanga find and replace, paliponse pali ᐁᐧ pakhale ᐍ?

Kondwani

Ngati mwatsimikiza kuti failo yonse ndi ya kalembedwe ka kumadzulo, inde, koma pangani tebulo la mabanja onse, osati w yekha. Pali pw, tw, kw, cw, mw, nw, sw, yw, lililonse ndi malembo ake a liwu aafupi ndi aatali. Posankha chilembo cholowa m'malo musadalire maso, werengani dzina lake. Mu Python unicodedata.name ikupatsani, ndipo pa zimenezi mukufuna zokhala ndi mawu oti WEST-CREE. U+140C ndi U+140D zayandikana, kusiyana kwake ndi mbali ya kadontho basi. Yang'ananinso ngati wina sanagwiritse ntchito kadontho ka Chilatini, U+00B7, kapena mpumiro wamba. Sungani failo yoyambirira osaikhudza, gwirani ntchito pa kope.

Pali tina tonyenga maso toposa kadontho. ᒼ ndi U+14BC, m wotsiriza wa kumadzulo. ᑦ ndi U+1466, t wotsiriza wa kum'mawa ndi wa Inuktitut. M'mafonti ambiri simungasiyanitse. ᕽ ndi U+157D, hk, amene amapezeka kwambiri kumapeto kwa mawu onena malo. Amafanana ndi ᙮, U+166E, womwe ndi mpumiro wa m'kalembedweka, amafanananso ndi ᕁ, U+1541, komanso x wamba. Wina akalemba mpumiro pamalo pa hk, pulogalamu imaganiza kuti chiganizo chathera pamenepo. Ndiye pali ongotola < kapena V pa kiyibodi, kapena Δ wa Chigiriki, pofuna ᐸ, ᐯ ndi ᐃ. Njira yachidule yogwirira zonsezi: tulutsani mndandanda wa nambala iliyonse imene ikupezeka m'failo ndi kuchuluka kwake. Chilichonse cha kunja kwa U+1400 mpaka U+167F chimene chili pakati pa mawu, kapena chopezeka kamodzi kokha, chiyang'aneni ndi maso.

Jere (Winnipeg)

Ndionjezere chenjezo limodzi, ndipo ndikulinena motsindika. Si kusiyana kulikonse kumene kuli kulakwitsa. Y wotsiriza madera amalemba mosiyana: ena ᕀ, U+1540, ena ᐩ, U+1429, ena kadontho kokwezeka ᐝ, U+141D. Pamenepo pali pamene wolemba anangosokoneza tizilembo tofanana, koma palinso pamene ndi mwambo wa dera lake, mmene agogo ake ankalembera. Enanso sakonda kuika kadontho ka liwu lalitali, amalemba ᐊ ponse, ndipo ndi dala. Inu a Nachisale ndi ife tonse pano ndife alendo pa chiyankhulochi. Kulumikiza ᐁᐧ kukhala ᐍ sikusintha zimene munthu analemba, papepala zituluka zomwezo. Koma kusintha ᐝ kukhala ᕀ ndi kusintha kalembedwe ka munthu. Zimenezo tengerani kwa eni ake, asankhe okha. Ngati cholinga n'choti kusaka kuzipeza zonse, a Kondwani angakuthandizeni kupanga danga lachiwiri lobisika la kusaka lokha, mmene zitatuzo zikuwerengedwa ngati chimodzi, zolembedwa zenizeni n'kutsala mmene zinalili.

Tiyamike

Funso langa lomaliza. Popeza chi-Cree chili kale ndi kalembedwe ka Chilatini, ndipo a Kondwani mwati mawu aja ndi mabaiti 21, pamene nêhiyawêwin ndawerenga ndi 13, bwanji osangosunga m'Chilatini n'kumasandutsa poonetsa?

Nachisale (Saskatoon)

Ena amatero ndithu. Dikishonale ya pa intaneti ya itwêwina, ya ku University of Alberta, imalola munthu kusankha kuona mawu m'Chilatini kapena m'maphatikizo. Kuchoka ku Chilatini chokhazikika kupita ku maphatikizo n'kosavuta. Koma zimene ndili nazo ine zinalembedwa m'maphatikizo kuyambira pachiyambi, ndi anthu amene ena mwa iwo sankalemba n'komwe m'Chilatini. Ndikazisandutsa ndiyenera kulosera mavawelo aatali amene iwo sanaonetse, ndipo zosiyana za madera zimene a Jere anenazi zifafanizika. Amayi amene amatiyang'anira anandiuza tsiku loyamba kuti zilembozi kwa iwo n'zopatulika, si chovala chongovekera mawu. Mabaiti asanu ndi atatu si chifukwa chokwanira.

Kondwani

Ndipo pa SMS kusiyanako kumatheratu. Uthenga wamba umalola zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo chimodzi cha kunja kwa zilembo za GSM, zimene SMS wamba imagwiritsa ntchito, kaya ᐍ, kaya ê, kaya ŵ wathu, uthenga wonse umasamukira ku njira ina yotchedwa UCS-2 n'kutsika kufika pa 70. Pamenepo maphatikizo ndi amene amapindula, zilembo 7 m'malo mwa 11.

Kuti vutoli lisabwerenso, onani kiyibodi imene olemba atsopano akugwiritsa ntchito. Pa Keyman ndi pa FirstVoices pali makiyibodi a chi-Cree, koma musangokhulupirira dzina. Lembani wê, dinani Alt ndi X, muone ngati patuluka 140D. Ikatuluka 1427, kiyibodi imeneyo ndi imene ikubala mawu okana aja.

Nachisale (Saskatoon)

Ndatulutsa mndandanda wa manambala uja. U+1427 ilimo yambiri, U+1466 ikupezekanso m'mawu amene ayenera kuthera ndi m, ndipo pali x wamba kumapeto kwa mawu angapo. Za kadontho ndi za x ndikonza pa kope. Za y wotsiriza ndazilemba papepala padera, ndikawaonetsa amayi aja Lolemba. A Kondwani, ndikutumizirani tebulo langa la mabanja a w kuti mulione ndisanalithamangitse.

Kondwani

Tumizani. Muikemo dzina la Unicode pambali pa chilembo chilichonse, ndiziwerenga mayinawo osati zithunzi. Pa banja la nw muona kuti Unicode ilibe zilembo zophatikiza kale za malembo onse a liwu m'chigawo choyamba, zina zili ku U+18B0 kuja, ndiye onetsetsani kuti fonti yanu ikufikako musanazisinthe.